Swichi musayiike pakati pa driver ndi nyali

Abale athu ena amene ali ku Britain amalima ndiwo m'nyumba. Cha pakati pa December masana ku London safika n'komwe maola 8, ndipo dzuwa lakelo limangokhala kuseri kwa mitambo, choncho wofuna mbande za tomato kapena masamba a mpiru ndi bonongwe mwezi umenewo ayenera kuunikira mbewu zake ndi magetsi. Ambiri amagula nyali zopanga kale. Koma alipo a luso la manja amene amagula ma LED paokha, n'kuwamangirira pa chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha, n'kulumikiza okha mawaya. Anthu amenewa ndimawalemekeza, ndipo ndemanga ya sabata ino ndi yawo, chifukwa akamaliza nyali yoyamba n'kupanga yachiwiri amafika pa funso limodzi: kodi driver imodzi singayatse nyali ziwirizi mosinthana, munthu atangoika swichi?

Funsoli n'lomveka. Driver, kabokosi kamene kamalandira magetsi a 230V kuchokera pa soketi n'kuwasandutsa magetsi a DC oyenera ma LED, kamadya gawo lalikulu la ndalama za nyali yonse. Munthu amene ali ndi shelefu ya mbande ndi shelefu ina ya mbewu zazikulu amaona ngati kugula kabokosi kachiwiri n'kutaya ndalama. Yankho langa n'lakuti n'zotheka ndithu, koma njira imene anthu ambiri amathamangira ndi imene imawotcha ma LED, ndipo ingathe kuwotchanso nyumba.

Tiyeni titenge driver yodziwika pakati pa opanga nyali zotere, HLG-240H-C1400 ya kampani ya Mean Well ya ku Taiwan. Ntchito yake ndi kukankha 1400mA nthawi zonse, osapitirira kapena kuchepera. Kuti itero imakweza kapena kutsitsa ma volt yokha, pakati pa 89V ndi 179V, malinga ndi zimene mwalumikizako. Mukaikako ma LED anayi a mtundu wa COB a 36V motsatizana, monga Cree CXB3590, imakhazikika cha pa 144V, ndipo nyali yanu imadya mawati pafupifupi 200. Zonse bwinobwino. Tsono dulani waya wopita ku nyali driver ikadali pa soketi. Kabokosiko sikadziwa kuti mwadula dala. Kamangoona kuti 1400mA yasiya kuyenda, ndiye kamakweza ma volt mpaka pamapeto, cha pa 180V, n'kudzaza ma capacitor ake. Zili ngati madzi a mu paipi mukatseka mpopi: amaunjikana, ndipo mukatsegula amatuluka ndi mphamvu yoposa ya masiku onse. Swichi ikangogwera ku nyali yachiwiri, mphamvu yonse yosungidwayo imakhuthukira m'ma LED m'kanthawi kochepa kwambiri, driver isanathe kudziletsa.

Choipa chake n'chakuti nyali siifa tsiku loyamba. Imayaka, munthu n'kusangalala kuti nzeru yake yagwira. Koma mkati mwa LED muli timawaya toonda kwambiri ndi tizidutswa tosapirira kugundidwa, ndipo kugunda kulikonse kumasiya bala. Patapita nthawi COB imodzi imachita mdima mbali ina kapena kuzimiratu, ndipo popeza zonse zili pa mzere umodzi, nyali yonse imathima. Mwiniwake amadzudzula wogulitsa, chonsecho wolakwa ndi swichi.

Swichi nayonso ili ndi mlandu wake. Magetsi a pa soketi, kaya ku Manchester kaya ku Lilongwe, ndi a AC a 50Hz, ndipo amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi. N'chifukwa chake kamoto kamene kamabadwa swichi ikamatseguka kamazima kokha msanga. Magetsi a DC sadutsa pa ziro. Kamoto kaja kamatha kupitiriza kuyaka pakati pa tizitsulo, kusungunula pulasitiki, mpaka kugwirira zapafupi. Swichi yolembedwa 250V AC nthawi zambiri imaloledwa ma volt ochepa kwambiri pa DC, ena 30V basi. Werengani zolembedwa pambali pake musanagule. Ndipo kumbukirani kuti 180V ya DC m'chipinda chonyowa, momwe manja amakhala ndi madzi othirira mbewu, ingathe kupha munthu.

Ngati mwatsimikiza mtima kugwiritsa ntchito driver imodzi, dongosolo lake ndi ili, ndipo silidumphidwa: zimitsani kaye ku soketi, dikirani mpaka nyali itazimiratu ndiponso ma capacitor atakhuthula mphamvu yawo, sinthani swichi, kenako yatsani ku soketi. Swichi yake ikhale ya DPDT yokhala ndi malo ozimitsa pakati, yodula mawaya onse awiri, ndipo izisiya nyali yoyamba isanagwire yachiwiri. Nyali zonse ziwiri zikhale zotha kulandira 1400mA, ndipo ma volt a iliyonse akhale mkati mwa malire a driver. Ma COB atatu a 36V amapanga 108V, ali mkati. Awiri amapanga 72V, ali kunsi kwa 89V, ndipo nyali yotero siyenda bwino pa driver imeneyi. Odziwa zamagetsi amatha kuika timer ndi relay kuti dongosololi lizichitika lokha, AC izizima kaye relay isanasunthe. Apo ndiye ndimavomereza, chifukwa dzanja la munthu limaiwala, makamaka m'mamawa akuthamangira basi yopita kuntchito, kapena mwana akalowa n'kukhudza swichi.

Njira ina yabwinoko ndi kugula driver ya ma volt okhazikika, monga ya 48V, n'kupatsa mzere uliwonse wa ma LED kachipangizo kakekake koyeza ma amp, monga ma LDD a kampani yomweyo. Tizipangizo timeneti tili ndi waya wapadera wozimitsira ndi kuchepetsera kuwala, moti simudulanso waya wonyamula mphamvu.

Koma pali masamu ena amene anthu amaiwala ali kalikiliki ndi mawaya. Tsiku lili ndi maola 24. Mbande za tomato ndi ndiwo zamasamba zimakula bwino zikamaunikiridwa maola 14 mpaka 16. Mashelefu awiri ofuna maola 16 iliyonse amafuna maola 32, ndipo driver imodzi singawapeze. Chimene ingathe ndi kupereka 12 uku ndi 12 uko, ikugwira ntchito usana ndi usiku osapuma, ndipo kutentha kosalekeza kumafupikitsa moyo wa ma capacitor ake. Mbande zolandira kuwala kochepa zimatalika, zimaonda, n'kugwa zisanafike pa tsiku lowokera.

Ine maganizo anga ndi akuti nyali iliyonse ikhale ndi driver yake, ndi timer yake ku soketi. Ngati ndalama sizikukwana mwezi uno, yatsani shelefu imodzi, inayo idikire. Ndipo ngati simunagwirepo mita yoyezera magetsi, itanani wodziwa zamagetsi adzaone mawaya anu musanalowetse pulagi pa khoma.