Musanagule hard drive, yambani mwawelenga

Nyumba zina mu Lusaka masiku ano zili ndi makompyuta awili kapena atatu: laputopu ya atate ya ku nchito, ya mwana wa ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, ndi ija yakale imene amayi amalembamo za cilimba ndi maoda a salaula. M'menemo muli zithunzi za matebeto, ma CV, mapepala a puloti, ma assignment. Malaiti akabwela mwamphamvu pambuyo pa load shedding, kapena kawalala akalowela pa windo, zonse zapita.

Mankhwala ake ndi odziwika: kukopela zonse pa hard drive yapadela. Manje funso n'lakuti, ya saizi bwanji? Wogulitsa m'tauni adzakuuzani kuti tengani yaikulu, bosi. Thumba lidzati yaing'ono. Ife tikuti musamvele onse awili, welengani mweka.

Pa kompyuta iliyonse onani malo amene mafayilo anu adya, osati kukula kwa disiki yonse. Windows ndi mapulogilamu musawelengele, amaikidwanso. Mafilimu a ku Nigeria ndi ma series nawonso asiyeni, mudzawapezanso kwa aneba. Tinene kuti ya atate ili ndi 120GB, ya mwana 200GB, ya amayi 80GB. Pamodzi ni 400GB. Onjezani za m'mafoni, cifukwa mavidiyo a ku kitchen party ndiwo amadya malo kupambana zonse. Mwina mwafika pa 450GB.

Nambala imeneyo icitileni kawili. Mafayilo amaculuka caka ndi caka, ndiponso pulogilamu ngati File History ya mu Windows imasunga ndi makopi akale omwe. Mwana akafuta theka la project yake mwangozi n'kuseva, ya mlungu watha imapezeka, koma pokhapo ngati malo analipo. Ndiye banja la 450GB lifunika 900GB, ndipo apa 1TB yathina kale ngati mpando wa anthu anayi m'minibasi. Mukaiika pa kompyuta idzaonetsa 931GB cabe. Sanakubeni ayi: opanga amawelenga ndi 1,000, kompyuta imawelenga ndi 1,024. Banja lotele ligule 2TB. Amene zawo sizifika 300GB, 1TB ni yokwana, ndalama yotsalayo igule unga.

Cenjelani ndi tuma flash tolembedwa 2TB togulitsidwa mtengo wa lanchi. Tambili ni twa gong'a. Amatukonza kuti tuonetse malo aakulu pamene m'kati ni tung'ono, ndipo mukapitiliza kukopela, zatsopano zimafuta zakale mwakacetecete. Mumadziwa tsiku limene mwazifuna. Ciliconse cimene mwagula, cidzazeni mlungu woyamba, ndiye mutsegule mafayilo muone ngati atseguka.

Ena akuti tili ndi Google. Inde, koma 15GB yaulele ija imagawidwa ndi Gmail ndi zithunzi, ndipo kukwezako 450GB pa ma bundle athu ni nkhani ina. Kumeneko ikani zing'onozing'ono zosasoweka: NRC, masatifiketi, mapepala a nyumba.

Ngati thumba lilola, gulani ziwili, ina izigona kwa alongo anu ku Matero kapena ku Chelstone, muzisinthanitsa pa mwezi. Kawalala wonyamula laputopu sasiya kabokosi kali pambali pake. Ya kunyumbayo, mukatsiliza kukopela izuleni pa kompyuta muiike m'kabati.