KHADI YA MAYI AKO ILI M'THUMBA LA NDANI?

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Limbe, Zomba, Area 25 ndi kwina konse, werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize kumagulu akumudzi.

Ambirife kwathu ndi ku Thyolo. Sukulu tinaphunzira ndi ndalama ya tiyi. Ndiye tikufunsani funso limodzi: tsiku la malipiro likafika, khadi ya ATM ya mayi anu, ya malume anu, ya achemwali anu amene amathyola tiyi, imakhala m'manja mwa ndani? Imbani foni lero muwafunse. Ena a inu mumva kuti khadiyo inapita kalekale kwa wakatapila, pamodzi ndi PIN yake, ngati chikole.

Umu ndi mmene zimayendera. Mwana wadwala, ufa watha, malipiro akadali kutali. Munthu amapita kwa wakatapila. Tinene kuti watenga K20,000 kuti adzabweze K30,000. Wakatapila safuna siginecha, amafuna khadi ndi manambala anayi aja. Malipiro akangolowa, iye ndi amene amayamba kufika pa makina. Amatenga yake, amatenganso ina yoti ndi "ya mayendedwe", mwini thukuta n'kulandira zotsala. Zotsalazo sizifika kumapeto kwa mwezi, ndiye amakongolanso. Khadi sibwereranso kunyumba. Munthu akudzuka m'bandakucha, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, koma akugwirira ntchito munthu amene sanathyolepo tsamba ngakhale limodzi.

Ndipo kubanki ukapita kukadandaula, yankho timalidziwa: ndalama inatuluka ndi PIN yolondola, ndiye vuto ndi lako. Basi, nkhani yatha pompo, eti?

Ayi. Ife tikuti sinathe.

Kumuuza munthu wanjala kuti "osapereka PIN" kwinaku malipiro ake sakwana thumba la chimanga ndi sopo, ndi chipongwe. Mu 2015 makampani a tiyi, bungwe la Tea Association of Malawi ndi ogula tiyi akunja anasainirana pangano la Malawi Tea 2020, kulonjeza malipiro okwanira pa moyo wa munthu pofika 2020. Chaka chija chinafika n'kudutsa, lonjezo silinakwaniritsidwe lonse. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo n'kukwera. Tiyi wathu akugulitsidwa pa okushoni ku Limbe m'madola, akumwedwa ku London ndi ku Johannesburg, koma womuthyola akupinyolitsa khadi kuti agule mankhwala. Wakatapila amanenepa pamene malipiro awonda.

Wakatapila si mbava yokhayo. Pali uja amaima pafupi ndi makina pa boma la Thyolo kapena ku Luchenza tsiku la malipiro, wooneka waulemu, n'kumati "amayi, bweretsani ndikuthandizeni." Amaona PIN ikulembedwa, amabweza khadi ina yofanana mtundu, yeniyeni yapita naye. Pali uja amaimba foni ndi Chingerezi chosalala, ati ndi wakubanki, akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutchula manambala a pakhadi. Pali uja amakabwezeretsa SIM yanu ndi mapepala abodza, mauthenga onse akubanki n'kumapita kwa iye. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mafoni achinyengowa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Tangoganizani, munthu ali m'manja mwa boma, akuba ali m'manja mwa boma momwemo!

Tinalembetsa ziphaso za unzika mu 2017. Tinaima pamizere kulembetsa ma SIM mu 2018, MACRA itatiuza kuti zithandiza kugwira akuba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security lilipo kuyambira 2016, la Financial Crimes kuyambira 2017. Nanga nambala yolembetsedwa imaba bwanji osagwidwa? Ife mbali yathu tinachita. Yawo ili kuti?

Pamene tikumenya nkhondoyi, tisasiye makolo athu pambalambanda. Inu odziwa foni ndi intaneti, ntchito yanu ndi iyi:

1. Auzeni kuti palibe wakubanki, wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba amene ali ndi ufulu wofunsa PIN kapena nambala ija imabwera pa SMS. Wofunsa ndi wakuba. Adule foni.

2. Manambala 16 akutsogolo kwa khadi, tsiku lothera ntchito ndi manambala 3 akumbuyo ndi okwanira kugulira zinthu pa intaneti popanda PIN. Khadi isajambulidwe, isatumizidwe pa WhatsApp, ngakhale kwa inu amene.

3. PIN isakhale chaka chobadwa kapena 1234, ndipo isalembedwe pa khadi kapena pakapepala kosunga limodzi ndi khadi. Polemba aphimbe ndi dzanja.

4. Makina akavuta, afunse wantchito wamkati mwa banki, osati mlendo wapamzere. Khadi ikabwezedwa aone dzina kuti ndi lawo.

5. Polipira pa makina a POS kugolosale kapena kwa ejenti, khadi isachoke pamaso, ndipo aone kuchuluka kwa ndalama asanalembe PIN. Ziro mmodzi woonjezera amasandutsa K5,000 kukhala K50,000.

6. Athandizeni kulembetsa mauthenga a SMS kuti ndalama ikatuluka adziwe nthawi yomweyo. Netiweki ikazima pafoni yawo yokha, anzawo ili bwinobwino, athamangire ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso.

7. Khadi ikasowa, ikabedwa kapena ikagwidwa ndi wakatapila, mwini wake ali ndi mphamvu yoitseketsa kubanki n'kutenga ina. Ngongole ikambidwe poyera, pamaso pa mboni, ndi kulemberana. Lamulo la Loans Recovery limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongola dzanja chankhanza.

8. Akaberedwa akanene kupolisi ndi kubanki, asunge umboni wa dandaulo. Banki ikazengereza, nkhani ipite ku Reserve Bank of Malawi, amene ali ndi udindo woteteza makasitomala.

Tinenenso chowawa: nthawi zina wakuba ndi ife tomwe. Mwana amene amasunga khadi ya agogo "kuti isatayike" kwinaku akubetcha nayo mpira, naye ndi wakatapila, kungoti wapachibale. Aise, bweza khadiyo.

Tsono kwa akuluakulu, zofuna zathu ndi izi. Mabanki aziphunzitsa anthu m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kumaesiteti komweko, asanawapatse khadi, ndipo mauthenga a SMS azibwera m'chilankhulo chimene mwini akaunti amamva. Tsiku la malipiro pakhale wantchito wodziwika pa makina aliwonse. Eni maesiteti ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU akhazikitse njira yobwereketsa ndalama pa chiwongola dzanja chochepa, kuti mwana akadwala pakati pa mwezi khadi isapite ku chikole. Apolisi akapeza munthu ndi mtolo wa makhadi a eni ake, amufunse bwino anawatenga kuti. Reserve Bank izitiuza poyera madandaulo angati a chinyengo analandira ndipo angati anabwezeredwa ndalama. Aphungu a ku Thyolo, 2025 tinakuonani mukuyenda khomo ndi khomo. Nkhaniyi muilankhule ku Nyumba ya Malamulo, tikumvetsera.

Usikuuno imbirani kumudzi. Mufunse khadi ili kuti, PIN akuidziwa ndi ndani. Mukamva kuti ili kwa wakatapila, musawakalipire, njala si uchitsiru. Pezani ya basi, mupite nawo kubanki.

*Tumizani uthengawu kumagulu onse.*