Ndani alipire mapepala a ndeke yakale?

Anzanga, ndeke ikakalamba, nthawi zambili cimene cimaitsitsa pansi ndi ndalama za mapepala, mapiko akali olimba.

Mtundu uliwonse wa ndeke uli ndi cikalata cochedwa type certificate. Kampani imene ili naco ndiyo imasunga mapulani, imafufuza pakapezeka mng'alu pa phiko, ndipo imauza eni ndeke zoyenela kukonza. Ku Ulaya, bungwe la EASA, lomwe lili ku Cologne, limalipilitsa makampaniwa caka ndi caka, ngakhale pa mtundu umene analeka kupanga kalekale. Pamwamba pa izi pali malipilo a mainjiniya.

Onani za ma glider, ndeke zopanda injini zimene zimakwela ndi mpweya wotentha monga acitila kabawi. Ku Germany, kampani ya Rolladen-Schneider inapanga LS4, imene inayamba kuuluka mu 1980, ndipo anapanga zoposa 1,000. Kampaniyo itagwa, DG Flugzeugbau ya ku Bruchsal inatenga udindo wa mitundu ya LS mu 2003. Patapita zaka, DG inauza eni ma glider akale kuti azilipila caka ciliconse ngati afuna mabuku okonzela ndi maspeya. Ambili anakwiya: tinagula kale, manje tilipile kawili?

Mkwiyowo ndiumva, koma ndiona kuti unalunjika molakwika. Glider yabwino imauluka zaka makumi anai, ndipo pa zaka zonsezo kampani sipeza phindu lenileni pa iyo. Yaing'ono ngati DG singanyamule yokha katundu wa ndeke zimene sinagulitse n'komwe. Ikatopa n'kubweza cikalata, ndekezo zimakhala zamasiye. Ngakhale zikuluzikulu zimagwa motelo: Avro Vulcan yomaliza ku Britain inaleka kuuluka mu 2015 pamene BAE Systems, Rolls-Royce ndi Marshall analeka kuithandiza.

Ena adzati malamulo angocotsedwa. Iyai. Cessna 210 analeka kuipanga mu 1986, koma ikali kunyamula alendo m'maiko a kuno kum'mwela kwa Africa. Mu 2019 ina inathyoka phiko ku Australia, ndipo mu 2020 bungwe la FAA ku America linalamula kuti citsulo cogwila mapiko cipimidwe. Cenjezo lotelo limafika cifukwa pali wina amene akali kulondola mtunduwo. Wokwela ndeke yaing'ono amadalila nchito imeneyi ngakhale saiona.

Cofunika n'cakuti mtengo ulingane ndi ndekeyo. Glider ya munthu mmodzi, youluka pa Sabata, siyenela kuvutitsa mwini mapulani ndi mapepala oculuka ngati ndeke yamalonda. Mabungwe a boma acepetse kwambili, kapena acotseletu, ndalama za caka pa mitundu imene analeka kupanga. Kampani ikafuna kusiya, mapulani apelekedwe ku gulu la eni ndeke lokhala ndi mainjiniya ake. Zotsalazo eni azisonkha, podziwa bwino kumene ndalama zawo zipita.

Nkhaniyi ikhudza acinyamata. Ku Germany mwana wa zaka 14 angayambe kuphunzila kuulutsa glider, ndipo makalabu amakwanitsa cifukwa ndeke zawo zambili n'zakale, zochipa. Mapepala akadula, makalabu amakweza mtengo, ndipo woyamba kutsala pansi ndi mwana wa munthu wosauka.