NGODYA YA ZOIMBAIMBA: Ampulifaya ya besi imene mnyamata wa metal angaikwanitse

Mbatata ya kachewere ikagulitsidwa ndipo ndalama zikalowa m'thumba, anyamata ena a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amayamba kulingalira zogula zida zoimbira. Owerengeka mwa iwo akopeka ndi nyimbo za metal zimene amamvera pa foni, nyimbo zaukali zija zimene zinaphukira ku Birmingham m'dziko la England, kumene gulu la Black Sabbath linatulutsa chimbale chake choyamba m'chaka cha 1970. Makolo ambiri amati limeneli ndi phokoso chabe, ndipo mlandu umenewo udzakambidwa tsiku lina. Nkhani ya sabata ino ikukhudza mnyamata amene wapeza kale gitala ya besi, tsopano akufuna ampulifaya, koma ndalama zake ndi za thukuta la chaka chathunthu ndipo sangagule kawiri.

Aliyense amene anafikapo pabwalo la gule akudziwa kuti mbalule imalira mokweza pamene gunda imagunda pansi mpaka m'chifuwa, ndipo gundayo ndi yaikulu thupi. Ngakhale babatoni amamupangira chibokosi chachikulu pa chifukwa chomwecho. Mau apansi amafuna kukankha mpweya wambiri. Nsambo yaikulu ya gitala wamba imanjenjemera ka 82 pa sekondi imodzi, pamene ya besi imanjenjemera ka 41 kokha, ndipo pa besi ya nsambo zisanu imatsika kufika pa 31. Oimba metal amakondanso kumasula nsambo kuti mau atsike kwambiri, monga anachitira a Black Sabbath pa chimbale cha Master of Reality mu 1971. Motero sipika ya besi imagwira ntchito yolemetsa kuposa ina iliyonse pagulu.

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Ampulifaya ya gitala wamba imapezeka msanga ndipo imatsika mtengo, koma sipika yake sinapangidwire mau apansi. Ikakwezedwa ndi besi, pepala la sipika limakankhidwa mopitirira muyeso, limayamba kulira ngati chitini, kenaka limang'ambika kapena waya wa m'kati n'kupsa. Chimodzimodzinso mabokosi a wailesi ya m'nyumba. Wogula aonetsetse kuti chimene akugula chinapangidwira besi.

Funso lachiwiri ndi la mphamvu, imene amaiyeza m'mawati. Wophunzira yekha m'nyumba, ampulifaya ya mawati 15 mpaka 40 imukwanira, monga Fender Rumble 25 imene ili ndi sipika ya mainchesi 8. Koma tsiku limene woimba ng'oma ndi wa gitala adzalowe m'chipinda chomwecho, kabokosi kotere sikadzamvekanso. Pa nyimbo za metal, pamene wang'oma amamenya ndi mphamvu zake zonse, besi imafuna mawati 200 kapena kuposerapo, ndi sipika imodzi ya mainchesi 15 kapena ziwiri za mainchesi 10. Ya mawati 100, monga Rumble 100 kapena Orange Crush Bass 100, ingathe kupirira poyeserera m'kalasi ngati anzake avomera kuchepetsako phokoso lao.

Manambala olembedwa pa bokosi asamunamize munthu. Kuwirikiza mawati kawiri sikuwirikiza phokoso kawiri ayi; khutu limangomva kuti kwakwera pang'ono. Nthawi zambiri kuonjezera sipika yachiwiri kumathandiza kuposa kuonjezera mawati. Palinso zida zopanda dzina lodziwika zimene zimalembedwa mawati 1,000 kapena 2,000 a PMPO pa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi. Nambala yodalirika ndi ija yolembedwa RMS. Ndipo ngakhale makampani odziwika amawerengera mwa njira yao: Rumble 500 imapereka mawati 500 pokhapokha italumikizidwa ku bokosi lina la masipika, koma payokha imapereka 350.

Wofuna kuonjezera bokosi ayambe wawerenga kumbuyo kwa ampulifaya, pamene pamalembedwa ma ohm. Zambiri zimalola ma ohm 4 kukhala malire otsikitsitsa. Mabokosi awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pamodzi amapanga 4, ndipo zonse zimayenda bwino. Koma awiri a ma ohm 4 amapanga 2, ndipo ampulifaya imatentha, n'kumazima yokha kapena kupseratu. Safunsa anadya phula. Ndi bwino kufunsa wokonza mawailesi waya asanalumikizidwe.

Pa za kamvekedwe, ongoyamba kumene amaganiza kuti besi ya metal ndiye kukweza batani lolembedwa Bass mpaka kumapeto. Zotsatira zake ndi chimkokomo chosamveka mutu wake, chimene chimamizidwa ndi gitala. Chimene chimaitulutsa besi pakati pa phokoso ndi mau apakati, batani lolembedwa Mid. Malemu Lemmy wa gulu la Motörhead, amene anamwalira mu 2015, ankadziwika ndi kukweza mau apakati pa ampulifaya yake ya Marshall n'kutsitsa apansi. Tsono ampulifaya yoyenera ikhale ndi batani la Mid, ndipo ikakhala ndi lina la Overdrive kapena Drive, lopatsa mau kukalipa, ndiye kuti wogula wapulumutsa ndalama za kachipangizo kopondaponda kamene kakanagulidwa padera.

Pa zithunzi za magulu otchuka pamaoneka Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969, ya mawati 300 ndipo imayendera timababu tagalasi totchedwa ma valve. Imamveka bwino zedi, koma mutu wake wokha umalemera pafupifupi makilogalamu 40, mtengo wake ndi woopsa, ndipo timababuto timasweka pa mseu wa mabampu komanso sitipezeka pafupi. Kwa munthu wa kumudzi, ya ma transistor ndiyo yoyenera. Zakale za mtundu umenewu, monga Peavey TNT ya sipika ya mainchesi 15, ndi zolemera koma zolimba, ndipo mmisiri wa pamsika angathe kuzitsegula ndi kuzikonza. Zatsopano zotchedwa Class D ndi zopepuka kwambiri, moti Rumble 100 imalemera makilogalamu 10 okha ndipo ingakwere pa njinga, koma ikaonongeka kawirikawiri pamafunika kusintha chibolodi chonse cha m'kati. Wogula ayeze ziwirizi: msana wake, ndi mtunda wopita kwa wokonza.

Magetsi nawo ndi nkhani. M'dziko muno ndi a mavolti 220, ndipo zida zochokera ku Malawi ndi ku South Africa zimagwirizana nawo. Koma m'katundu wa kaunjika mumapezeka zida zopangidwira ku America, za mavolti 120, zimene zimapsa nthawi yomweyo zikalumikizidwa popanda thiransifoma. Nambala imeneyi imalembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Kumene amaimbira pa jenereta, jeneretayo iyambe yalira ndi kukhazikika ampulifaya isanayatsidwe, ndipo kachipangizo koteteza ku magetsi okwera ndi kutsika ndi kotchipa kuposa ampulifaya yatsopano.

Ambiri adzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ku Tete, ku Lilongwe kapena kudzera mwa mbale amene ali ku Johannesburg, ndipo palibe cholakwika. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula apite ndi besi yake ndi chingwe chake, aimbe nsambo yaikulu mokweza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, chifukwa matenda ena amaoneka chida chikatentha. Amvetsere ngati sipika ikukhwekhwereza, apotokole batani lililonse kuti amve ngati likuthetheka, anunkhize kumbuyo ngati kukumveka fungo la kupsa, ndipo aone ngati pa malo a fyuzi sanakulungepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Wogulitsa amene akukana kuti chida chiyesedwe wanena kale zonse. Pa mtengo aonjezerepo ya thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata, monga pa Calómuè kapena pa Zóbuè.

Ngati ndalama sizikufika pa mawati 200, njira ilipo. Mnyamata agule yaing'ono yabwino imene kumbuyo ili ndi potulukira polembedwa DI kapena Line Out, monga Rumble 40. Kunyumba aziphunzirira yomweyo, ndipo tsiku loimba pagulu ailumikize ku zokuzira mau zazikulu zobwereka, zija za pa ukwati ndi pa misonkhano. Akatero atha kudikira zokolola za chaka chamawa ali ndi chida chamoyo m'nyumba, pamene mnzake amene anathamangira chibokosi cha mawati 2,000 adzakhala akuchigwiritsa ntchito ngati mpando.