NJINGA YA KU NCHITO: YAMBANI MWAFUNSA MSEU WANU

Amene analawirapo pa mseu wa Lundazi, wa Chadiza kapena wa ku Mwami adziwa kuti Chipata amadzutsidwa ndi njinga. Alonda, aphunzitsi, omanga nyumba ndi amai opita ndi ndiwo ku msika wa Kapata, onse amapalasa kuti nchito iwapeze pa nthawi yace. M'tauni muno ndimo munali fakitale ya Luangwa Industries imene inali kumanga njinga za Eagle, cotero njinga si mlendo kwa ife. Koma ambiri a ife timagulabe ndi maso okha, kuiwala kuti cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

Musanapereke ndalama ya cimanga kapena ya nshawa imene mwaibvutikira caka conse, yambani mwafunsa mseu wanu. Kodi ndi wa tala kapena wa fumbi? Uli ndi zitunda zingati? Mudzanyamulapo ciani?

Njinga ya magiya ambiri imapeputsa mwendo pa zitunda zozungulira Chipata. Koma tizitsulo tosinthira magiyawo sitigwirizana ndi matope a Januwale, ndipo zambiri mwa njinga zotere zimabwera zogwirapo kale nchito, za mitundu yosiyana-siyana. Kacitsulo kamodzi kakathyoka, mungathe kuzungulira masitolo onse osakapeza, njinga ili gone m'nyumba, inu mukupita ku nchito wapansi.

Kwa wokhala ku mudzi, njinga yakuda ya giya imodzi ikali bwenzi lokhulupirika. Ndi yolemera ndithu, ndipo pa citunda mudzatsika ndi kukankha, koma wokonza ali yense wa pansi pa mtengo aidziwa, ndipo masipoko ace, cheni ndi matayala sizisowa. Za Buffalo, zocokera ku bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, anazipangira miseu yonga yathuyi, ndipo keliyala yace imasenza makilogalamu 100. Lamulo ndi ili: gulani njinga imene zitsulo zace zipezeka kufupi ndi kwanu.

Iyeseninso msinkhu. Mukakhala pa mpando, cidendene cili pa pedulo imene yatsikira pansi, mwendo uongoke bwino. Mpando wotsika kwambiri umapweteka maondo. Zunguzani mawilo muone ngati sakupotoka, ndipo gwirani mabuleki onse awiri. Kumbukirani kuti mabuleki ogwira pa limu amacedwa kuluma mvula ikagwa.

Musathere ndalama yonse pa njinga yokha. Siyani ina ya pampu, zigamba ndi guluu wace, sipanala, loko ndi belu. Madigadi adzasunga zobvala zanu kuyambira Novembala kufikira Epulo. Koposa zonse gulani nyale yoyera ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo. Pa Great East Road pamadutsa malole akulu-akulu, ndipo woyendetsa sangapewe munthu amene sakumuona. Bvalani coyera kapena cowala mu mdima, yendani ku dzanja lamanzere, ndipo ngati thumba lilola, cisoti coteteza mutu musacinyoze.

Pa Sabata madzulo tsukani cheni, idontheleni mafuta, limbitsani manati ndi kupopa matayala. Wolandira nchito safunsa kuti njinga yanu ndi yokongola bwanji. Amayang'ana nthawi imene mwafika.