Mapaundi achokera ku Leeds, koma wonyamula matumba ndiwe

Ngati muli ndi gulu la banja pa WhatsApp, udziwa kale kuti December akalowa foni siipuma. Amalume afunsa kuti ndani apita kumudzi chaka chino. Azakhali atumiza vesi m'mawa uliwonse, pansi pake nambala ya mobile money. Ndiye pali asisi ako aakulu a ku Leeds, aja anapita kukasamalira nkhalamba pamene Britain inatsegula maviza a nchito imeneyo mu 2022. Iwo alemba mawu awiri chabe: "Natuma, onani." Gulu lonse liwomba m'manja.

Usawachitire nsanje. Khrisimasi ya sinowo imene timaonera mu mafilimu, kwa iwo ndi mdima umene uyamba 16 hours isanakwane, mphepo yolowa m'mafupa, ndi shifti pa 25 penipeni, kaili nkhalamba sizileka kufuna kusambitsidwa chifukwa ndi holide. Kubwera kuno si masewera: tikiti ya December ndi yodula, ndipo ndeke yochoka ku London kufika ku Lusaka osaima kulibe, uyenera kupitira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Doha. Amene anapita kumene pa nchito iyi kuyambira March 2024 sanaloledwenso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Manje anawo atsala ndi ndani? Ndi iwe, m'nyumba ya marumu awiri ku Chawama.

Apa ndiye pali nkhani imene mabanja ambiri sakamba. Nchito ya Khrisimasi inagawika pawiri. Wina atuma ndalama, wina atuma thupi. Wotuma ndalama ali ndi risiti, aliyense aiona pa gulu. Wotuma thupi alibe. Ndiwe uima pamzere ku Intercity 04 hours, ngwang'wazi zikukoka chikwama uku ndi uku, mtengo wa basi utakwera monga umachitira chaka ndi chaka. Ndiwe ukhala pa Great East Road makilomita opitirira 500 kufika ku Chipata, mwana wa asisi pamiyendo, thumba la mpunga kumapazi, saladi ikudontha pa nsapato zatsopano. Ukafika, ambuya akulandira bwino, akuphera nkhuku, ndiye akufunsa kuti uja wa ku Ulaya ali bwanji, Mulungu amudalitse. Imabaya, ngakhale useke.

Ndipo mapaundi aja, tikambe zoona, samafika kumene anthu aganiza. Kumudzi December si nthawi ya makeke, ndi nthawi ya munda. Mvula yagwa, chimanga chamera, chifunika feteleza ndi aganyu opalira. Ndalama ya "Khrisimasi ya ambuya" ithera mu thumba la Urea, ndipo ndi bwino kuti itero, makamaka kwa amene akumbukira chilala cha 2024. Koma nkhuku, Fanta, chitenge cha azakhali ndi transipoti yobwerera zichoka m'thumba lako, mu ndalama ya chilimba imene unasunga kuyambira January.

Chechi nayo ili ndi mbali yake. Dziko lino a Frederick Chiluba analitcha la Chikhristu pa 29 December 1991, ndipo sabata ino ndiye uona mphamvu yake. Ambuya afuna ukhale pambali pao ku Reformed Church m'mawa wa Khrisimasi, anthu aone kuti ana a m'tauni sanawataye. Abusa ako ku Lusaka afuna ubwerere msanga, crossover ya pa 31 usaphonye, ndi envulopu ya chiyamiko m'manja. Onse awiri akamba za Mulungu mmodzi, koma basi ulipira kawiri sabata imodzi. Asisi crossover yao aonera pa Facebook, pa breki.

Ine ndiona kuti vuto si ulendo, si chechi, si asisi. Vuto ndi lakuti m'mabanja mwathu kuwerengera m'bale ndalama kumveka monga mwano, ndiye wa ku Lusaka angokhala chete mpaka January amupeza kwa wa kaloba. Masukulu a boma ndi aulere kuyambira 2022, inde, koma yunifomu, nsapato ndi mabuku a ana aja si zaulere, ndipo alandilodi sadziwa Leeds.

Mtsikana wina wa mu saluni ku Kabwata chaka chino walemba pa gulu lao mtengo wa basi, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi masiku asanu amene saluka tsitsi. Amalume anayankha kuti ana a masiku ano alibe ulemu. Asisi ake anayankha pambali, 02 hours usiku, kufunsa ngati nambala ya Airtel ikali imodzimodzi.