Mtima Watsopano Ufuna Mlonda

Pa 3 Disembala 1967, dokotala Christiaan Barnard wa pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anatenga mtima wa munthu womwalira kumene nauika m'chifuwa cha wodwala. Wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala masiku 18 okha namwalira ndi chibayo. Mtima unali kugunda bwino, koma chitetezo cha thupi lake chinali chitafooka.

Apa mpamene pagona nkhani. Thupi limayesa mtima wa munthu wina mdani, ndipo asilikali a m'magazi amaukira kuti auwononge. Nchifukwa chake wolandira mtima amamwa mankhwala ogonetsa asilikaliwo, monga ciclosporin kapena tacrolimus, moyo wake wonse. Tsono mlonda akagona, mbala imalowa.

Kawirikawiri mbalayo ndi kachirombo ka Epstein-Barr, koyenda m'malovu. Mwa akulu 10 alionse, 9 ali nako, koma thupi limakapondereza. Chitetezo chikatsika, kachiromboka kamachititsa ena mwa asilikali aja kuswana mopanda malire, mwina mpaka kusanduka khansa. Ngoziyi imakula m'chaka choyamba, makamaka kwa ana amene sanakumanepo nako. Zizindikiro zake ndi mwanabele wosaphwa m'khosi kapena m'khwapa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda.

Ena angati, "Nanga bwanji osangosiya mankhwalawo?" Ife tikuti iyayi. Kuwasiya ndiko kupha mtima uja. Dokotala yekha ndiye ayenera kuchepetsa muyezo wake, ndipo pakafunika amawonjeza mankhwala ena monga rituximab. Opaleshoni imatha tsiku limodzi, koma chosunga moyo ndicho kupimitsa kosalekeza ndi kuulula msanga chachilendo chirichonse.

Kodi ife zitikhudza bwanji? Kachirombo komweka kanapezeka mu 1964 m'chotupa chimene dokotala Denis Burkitt anachifotokoza ku Uganda mu 1958. Chotupachi chimagwiranso ana kuno ku Malawi, makamaka kumadera a malungo ambiri. Chimatupitsa nsagwada kapena mimba ndipo chimakula mofulumira, komabe chimamva mankhwala mwana akafika msanga.

Makolo, chotupa chisatinyenge chifukwa choti sichipweteka. Tisachiteme mphini, tisadikire kuti chiphwa chokha. Safunsa anadya phula: tengani mwanayo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.